Mwana akamadzidzimuka m'tulo: ndi tulo chabe, kapena akukomoka?

Usiku wapita, nyumba yonse ili zii, koma mayi wa khanda la masabata awiri tulo tamuthawa. Wayatsa katochi ka pa foni m'kati mwa neti ndipo akuyang'anitsitsa timanja ta mwana wake. Timanjato tikudumpha, kamodzi, kawiri, kenako motsatizana ngati pali wina akutikoka ndi chingwe. Mwendo nawo watsatira. Mwiniwake ali m'tulo, maso ali tseke. Mayi mtima uli m'mwamba, ndipo mawu amene akuopa ngakhale kuwatchula ndi khunyu.

Kukacha aliyense ali ndi yankho lake. Agogo akuti mwana akungolota akuyamwa. Apongozi akufunsa monong'ona ngati bambo a mwana sanalumphe mwambo, poti tsempho sichedwa kutchulidwa khanda likachita zachilendo. A neba akuti pali munthu wina kutsidya amadziwa mankhwala a linjirinjiri. Onsewa amamukonda mwanayo, koma palibe amene wafunsa funso limene dokotala wa ana angayambe nalo: kodi mutamudzutsa, kudumphako kunasiya?

Funso laling'onoli ndi limene limalekanitsa zambiri. Makanda ambiri amene amadumphadumpha m'tulo ali bwinobwino. Koma alipo ena ochepa amene amakomokadi, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti kukomoka kwenikweni kwa khanda nthawi zambiri kumabwera mwakachetechete, mosaopsa m'maso, moti makolo amathamangira chimene chilibe vuto n'kuphonya chimene chili choopsa.

Tiyambe ndi tulo teniteni. Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, ndipo pafupifupi theka la nthawi imeneyi limakhala m'tulo topepuka, tija munthu amalotamo. Mwa munthu wamkulu, ubongo umagwira minofu kuti isamatsatire maloto, n'chifukwa chake munthu amalota akuthamanga koma ali gone pamphasa. Mwa khanda mabuleki amenewa amakhala asanakhwime. Ndiye mumaona zikope zikuphethira, kukamwa kukuyamwa bere losaoneka, kankhope kakuchita tsinya kenako kumwetulira, chala kapena phazi kudumpha apa ndi apo. Kapumidwe nako kamasinthasintha: amapuma mofulumira, n'kuima kwa masekondi asanu kapena khumi, n'kuyambiranso yekha, khungu osasintha mtundu. Akatswiri ena, monga Mark Blumberg wa ku yunivesite ya Iowa ku America, amene wakhala akufufuza za tulo ta tiana ta makoswe, amaona kuti kudumphadumpha kumeneku si kwachabe. Dzanja likadumpha, uthenga umabwerera ku ubongo, ndipo ubongo umaphunzira kuti dzanja lili pati ndipo limayenda bwanji. Mwana amakhala akulidziwa thupi lake ali m'tulo. Ndipotu ngakhale ife akuluakulu, ndani sanadzidzimukepo ngati akugwera m'dzenje tulo titangoyamba kumutenga?

Palinso kudzidzimuka kuja kwa chitseko chikamenyetseka, mbale ikagwa, kapena mukamugoneka mwana mofulumira mutu n'kutsalira pang'ono. Amatambasula manja onse awiri, zala n'kuyanzika, kenako amawabweza ngati akufuna kukumbatira munthu, nthawi zina n'kulira. Dokotala wa ana wa ku Austria, Ernst Moro, ndi amene anakufotokoza mu 1918, ndipo m'zipatala kumadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Namwino amachita kukuyesa dala mwana akangobadwa, chifukwa chodetsa nkhawa ndi pamene kulibe, kapena pamene dzanja limodzi lokha ndi limene likutambasuka lina lili lende, zomwe zingasonyeze kuti fupa la paphewa kapena mtsempha unavulala pobadwa. Kumazilala kokha mwana akamafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi.

Koma chimene chimawasowetsa tulo makolo kwambiri ndi china, chija cha mayi wathu wa katochi. Madokotala amachitchula kuti benign neonatal sleep myoclonus, kutanthauza kudumpha kwa minofu kwa m'tulo kosavulaza. Madokotala awiri, Coulter ndi Allen, anachilemba koyamba mu 1982, ataona makanda athanzi amene ankaganiziridwa kuti akukomoka pomwe sanali kukomoka. Kumayamba m'masiku kapena masabata oyambirira. Manja ndi miyendo zimadumpha mwamphamvu, mobwerezabwereza, nthawi zina mbali zonse ziwiri, nthawi zina mbali imodzi kenako ina. Kumatha kupitirira kwa mphindi zingapo, ndipo kunena zoona, ngakhale wachipatala amene sanazolowere amatha kusokonezeka nako. Koma kuli ndi zizindikiro zake. Kumachitika mwana akagona basi. Nkhope nthawi zambiri sichita nawo, maso satembenuka, milomo siida, mwana amapuma bwinobwino. Mukagwira dzanja kuti lisiye, silisiya, mwinanso limaonjeza. Kumugwedeza pomutonthoza, kapena kudumpha kwa minibasi pa msewu wa mabampu, kumatha kukuyambitsa. Koma mukamudzutsa mwanayo mpaka atsegule maso, kumatha nthawi yomweyo, ngati mwazimitsa nyali. Akadzuka amayamwa mwamphamvu, amalira mawu ake a masiku onse, amakuyang'anani.

Kukomoka kwenikweni sikumva kudzutsidwa. Mungamuitane, mungamunyamule, kumapitirirabe mpaka kuthe kokha.

Ana ambiri a kudumpha kwa m'tuloku amasiya akamafika miyezi itatu, otsalawo pofika miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirirako pang'ono. Sikusanduka khunyu, sikuononga ubongo, ndipo sikufuna mankhwala. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ngozi yake ili kwina: mwana wathanzi wotere akapatsidwa mankhwala oletsa kukomoka, amangofooka, n'kumagona mopitirira, n'kumayamwa mwaulesi, pomwe vuto panalibe. N'chimodzimodzi ndi mankhwala azitsamba omwetsa khanda, amene mphamvu yake palibe amene anaiyeza, ndipo chiwindi cha mwana wa masabata awiri sichinakonzeke kulimbana nawo.

Kunjenjemera ndi nkhani inanso. Uku kumaoneka kwambiri mwana ali maso, makamaka akamalira, akavulidwa kapena akadzidzimutsidwa: kachibwano kamanthunthumira, manja amachita ngati munthu wozizidwa. Kuyesa kwake n'kosiyana ndi kuja. Gwirani dzanjalo mofatsa, mulipinde pang'ono, kapena mupatseni bere. Kunjenjemera wamba kumasiya. Ngati pansi pa dzanja lanu mukumvabe kukoka, kukoka, kukoka mwa kanthawi kofanana, ndiye kuti si kunjenjemera wamba. Komabe ngakhale kuja kosiya mukagwira, kukachuluka m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, kungakhale chizindikiro chakuti shuga watsika m'magazi. Izi zimakonda ana obadwa masiku asanakwane, obadwa ochepa thupi, obadwa kwa mayi wodwala matenda a shuga, ozizidwa, ndi amene sakuyamwa mokwanira. Shuga wotsika amakonzeka mosavuta akapezeka msanga, koma akachedwa amapweteka ubongo. Mwana wotere muyamwitseni, mumufunditse pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, ndipo akaonedwe tsiku lomwelo.

Tsopano kukomoka kwenikweni. Ambirife tikamva mawuwa timaona munthu wamkulu atagwa pansi, thupi lonse likuphupha, thovu kukamwa. Khanda la masiku ochepa silikomoka choncho kawirikawiri, chifukwa njira za mu ubongo wake sizinalumikizane mokwanira kuti thupi lonse ligwedezeke pamodzi. Chimene chimaoneka n'chaching'ono. Maso amathawira mbali imodzi n'kukhala komweko, kapena amangoti tong'o osaphethira. Milomo imatafuna kapena kutsotsa mobwerezabwereza popanda bere. Miyendo imapalasa ngati ali panjinga. Dzanja limodzi kapena mbali imodzi ya nkhope imakoka mwa kanthawi kofanana. Thupi limauma n'kupindikira kumbuyo. Nthawi zina chizindikiro chokha ndi kusiya kupuma kwa masekondi 20 kapena kuposa, milomo ndi lilime n'kuda. Ndipo zimenezi sizisankha tulo, zimabwera mwana ali maso kapena ali gone.

Chachikulu china n'chakuti khanda lokomoka nthawi zambiri limakhala lodwala ngakhale pakati pa kukomokako. Silifuna bere, kapena limangoligwira n'kulisiya. Limakhala lofooka ngati nsanza yonyowa, losatakataka mpaka mutaligwedeza. Kulira kwake kumasintha, kumakhala kosongoka kapena kofooka. Liwombo limatha kutupa. Thupi limatentha, kapena limazizira kwambiri, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti kwa khanda kuzizira kwa thupi n'koopsa chimodzimodzi ndi kutentha. Limapuma mofulumira, ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, nthiti zikulowa m'kati.

Kukomoka kwa khanda si matenda paokha ayi, ndi kulira kwa ubongo kuti pali chimene chikuupweteka. Choyambitsa chachikulu ndi kubanika pobadwa: matenda anatenga nthawi yaitali, mwana anatuluka osalira, anachita kumuthandiza kupuma. Wotere amakomoka kawirikawiri tsiku loyamba kapena lachiwiri. Kenako pali tizilombo tolowa m'magazi kapena m'zikuto za ubongo, matenda aja oumitsa khosi, ngakhale kuti mwa khanda khosi silichita kuuma. Njira imodzi imene tizilomboti timalowera ndi pamchombo, n'chifukwa chake azamba amaletsa kupakapo phulusa, dothi, madzi a zitsamba kapena china chilichonse kupatula mankhwala amene apereka kuchipatala. Pamchombo pomwepo ndi polowera kafumbata: mwana amene anayamwa bwino masiku awiri oyamba amayamba kulephera kutsegula kukamwa, thupi limauma, ndipo phokoso kapena kumukhudza kumamuyambitsa kukokana. Katemera amene amayi amabayitsa ku sikelo ya apakati anachepetsa kwambiri matendawa. Palinso shuga kapena mchere wa kashiamu wotsika, magazi otayikira mu ubongo makamaka kwa obadwa masiku asanakwane, ndi chikasu chimene chakula mpaka kufika m'zikhato ndi kumapazi.

Zambiri mwa izi zimachizika, koma zimathamanga ndi maola, osati masiku. Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri mayi ndi mwana satuluka m'chikuta mchombo usanagwe, ndipo mwambowu uli ndi ubwino wake, umateteza khanda ku mphepo ndi ku manja a anthu ambiri. Koma masiku a chikuta ndi omwewo amene matenda oopsawa amagwira. Agogo ndi apongozi, inu amene mawu anu amamveka pakhomo, khanda likasiya kuyamwa kapena likachita zimene tafotokozazi, lolani lipite usiku womwewo. Za mwambo mudzakonza pobwera. Ndipo nkhani yofufuza kuti walakwa ndani, bambo kapena mayi, imangodya nthawi imene mwanayo alibe.

Pali mtundu wina wa kukomoka umene ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa ndi wosowa koma umaphonyedwa kwambiri, ndipo kuuphonya kumalipitsa mwana moyo wake wonse. Mu 1841, dokotala wa ku England dzina lake William James West analembera kalata magazini ya zachipatala ya The Lancet, kupempha anzake nzeru. Wodwalayo anali mwana wake weniweni. Anafotokoza momwe mwanayo ankagwetsera mutu kutsogolo mwadzidzidzi, kulunjika ku mawondo, kambirimbiri motsatizana, ndi momwe anasiyira kukula m'nzeru. Lero matendawa amatchedwa West syndrome kapena infantile spasms. Amayamba kawirikawiri pakati pa miyezi itatu ndi miyezi isanu ndi itatu. Mwana amapindika mwadzidzidzi ngati mpeni wotseka, mutu kugwa, manja kutambasuka kapena kukumbatira, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri zokha. Amamasuka, pakapita masekondi angapo n'kubwerezanso, mwina kakhumi, mwina kuposa. Nthawi zina kumangokhala kugwedeza mutu pang'ono ndi maso kuyang'ana m'mwamba.

Onani nthawi yake: kumakonda kubwera mwana akangodzuka, kapena akamasinza, osati ali m'tulo tofa nato. Apa ndi pamene pamasiyana ndi kudumpha kosavulaza kuja, kumene kudzuka kumakuthetsa. Chifukwa mwana amapinda miyendo n'kulira, ambiri amati m'mimba mukumupota, ena amati ndi kudzidzimuka kwa ukhanda, ndipo miyezi imatha akumwetsedwa mankhwala a m'mimba. Koma kudzidzimuka kwa Moro kumakhala ndi chochititsa, kumabwera kamodzi, ndipo pa msinkhu umenewu kumayenera kukhala kukutha, osati kuyamba kumene. Chizindikiro chopweteka mtima n'chakuti mwana amabwerera m'mbuyo. Amene ankamwetulira amasiya, amene ankatsatira nkhope ya amake ndi maso amangoyang'ana malo amodzi, amene anayamba kukhazikika khosi limagwanso. Makina oyeza mafunde a ubongo, EEG, amaonetsa chisokonezo chodziwika bwino, koma makinawa amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa, choncho kufotokoza kwa makolo n'kumene kumatsegula njira. Mankhwala ake ndi osiyana ndi a khunyu wamba. Amodzi mwa iwo ndi prednisolone, amene si osowa, koma mlingo wake ndi waukulu ndipo amafuna dokotala wa ana kuyang'anira. Akayambika msanga, mwayi woteteza nzeru za mwana umakhala waukulu. Ngati mwaona zotere, pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa ana sabata yomweyo, musadikire tsiku la sikelo.

Mwana akapitirira miyezi isanu ndi umodzi, nkhani imasintha. Kuyambira pamenepo mpaka zaka zisanu, kukomoka kofala ndi kuja kobwera ndi kutentha thupi. M'maiko a ku Ulaya ndi ku America kumagwira ana awiri mpaka asanu pa 100 alionse, ndipo mabuku a kumeneko amatonthoza makolo kuti kukakhala kwa kanthawi kochepa sikusiya chilema, ndipo ambiri sadzakhala ndi khunyu. N'zoona. Koma amene mumawerenga malangizo pa intaneti, kumbukirani kuti olembawo alibe udzudzu wa malungo pakhomo pawo. Kwathu kuno mwana wotentha thupi akakomoka, ayenera kuyezedwa malungo ndi kuonedwa ngati alibe matenda oumitsa khosi, ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kusewera. Malungo a mu ubongo ndi matenda amene dziko lapansi laphunzira zambiri za iwo kuchokera ku chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyeso woona ngati mwana wodwalika akuzindikira zimene zikuchitika, wotchedwa Blantyre Coma Score cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Muyesowu umayang'ana zinthu zimene mayi aliyense angaone: kodi mwana akutsatira ndi maso, kodi akulira moyenera, kodi akudziwa pamene pakumupweteka? Mwana amene wakomoka n'kukhala osatsitsimuka bwino pakatha theka la ola ali pangozi yaikulu. Amene ali kutali ndi chipatala, pa sikelo ya m'mudzi alangizi a zaumoyo amakhala ndi mankhwala a malungo oika kumbuyo ogulira nthawi ya paulendo, koma amenewo si mapeto a chithandizo, ulendo uyenera kupitirira. Ndipo khanda losafika miyezi isanu ndi umodzi likatentha thupi n'kukomoka, musaliike m'gulu la kukomoka kwa kutentha thupi wamba. Limeneli ndi la kuchipatala chogona.

Kunjenjemera kwa malungo nako kumasokoneza usiku. Mwana wozizidwa ndi malungo amanthunthumira thupi lonse, koma mukamuitana amayang'ana, amalira, amakukakamirani. Wokomoka sakhalapo, maso ake sakuonani.

Zikachitika pamaso panu, mugonekeni chammbali pamalo ofewa, kutali ndi moto, mbaula ndi madzi. Masulani zovala za m'khosi. Musaike supuni, chala kapena nsalu m'kamwa, lilime silimezeka, koma nkhama zimavulala ndipo njira ya mpweya imatsekeka. Musamumwetse kanthu, kaya madzi, kaya panado, kaya mankhwala a chikuda, chifukwa zimatsamwira m'mapapo. Musamufukize utsi, musamuthire madzi ozizira, ndipo chonde musamugwedeze mwamphamvu kuti atsitsimuke, pakuti khosi la khanda ndi lofewa ndipo kugwedezako pakokha kumataya magazi mu ubongo. Musaope malovu ake, khunyu sapatsirana. Yang'anani nthawi pa foni, chifukwa mantha amatalikitsa mphindi. Kukafika mphindi zisanu kusanasiye, nyamukani akukomoka choncho. Kwa khanda la masabata ochepa musadikire n'komwe mphindi zisanuzo, kukomoka kulikonse ndi ulendo. Mukafika musakhale pa mzere mwaulemu. Uzani namwino kapena aliyense wa yunifomu kuti mwana wakomoka, poti m'zipatala zathu ndondomeko ndi yakuti ana otere amaonedwa poyamba.

Foni ija imene mayi anayatsa ngati tochi ndi chida chachikulu kuposa momwe akudziwira. Pofika kuchipatala mwana amakhala atasiya, ndipo mawu akuti "amagwedezeka" angatanthauze zinthu zisanu zosiyana. Vidiyo ya mphindi imodzi imamuuza dokotala zimene kufotokoza kwa ola lathunthu sikungathe. Ngati mwana akupuma bwino ndipo pali wina wothandiza, mmodzi ajambule. Muunike bwino, muchotse nsalu yofunda kuti thupi lonse lioneke, ndipo nkhope isatsale, makamaka maso ndi milomo. Vidiyo ikuyenda choncho, gwirani dzanja limene likudumphalo kuti zioneke ngati lasiya, kenako mudzutseni mwanayo kuti zionekenso chimene chachitika. Sungani mumtima kuti zinayamba ali m'tulo, akudzuka kapena ali maso, kuti zachitika kangati, kuti anayamwa liti komaliza, ndi kuti anabadwa bwanji, ngati analira msanga kapena ayi. Tengani buku la kuchipatala la mwana ndi la mayi lomwe.

Kuchipatala adzamuyeza kutentha, adzabaya kachidendene kapena chala kuti aone shuga ndi malungo, ndipo ngati akukayikira matenda a m'zikuto za ubongo adzapempha kutenga madzi a pamsana. Makolo ambiri amakana pamenepa poopa kuti mwana alumala kapena amwalira. Singanoyo imalowa m'munsi mwa pamene mtsempha waukulu wa msana umathera, ndipo ana amene anthu amawakumbukira kuti anamwalira atatengedwa madziwo anali atadwalika kale ndi matenda omwe ankafufuzidwawo. Madzi amenewo ndi amene amawauza madokotala mankhwala oyenera ndi masiku oyenera kubaya.

Ndipo ngati ataona vidiyo, n'kumupima mwana, akuuzani kuti ndi kudumpha kwa m'tulo chabe, bwererani kwanu mtima uli m'malo. Mugonekeni chagada, pamalo osawira, m'neti, nkhope yosaphimbidwa, ndipo azidumpha momwe angafunire. Mudzabwererenso ngati kudumphako kwayamba kuoneka ali maso, ngati kwasiya kumva kudzutsidwa, ngati kwakhazikika mbali imodzi yokhayokha, ngati kuyamwa kwachepa, kapena ngati kumwetulira kuja kumene anayamba kwasowa.